Ng'ombe ya Mwendo wa Sellina

Anakumana pa siteji ya kabaza ku Bangula, dzuwa likuswa mtengo. Sellina anali atasenza dengu la milamba youma yochokera kwawo kwa Mbenje, ndipo mnyamata wina wa manja okandikakandika ndi masamba a nzimbe anathamangira kukamutula.

"Chemwali, dengu lolemera chonchi pakhosi lokongola chonchi? Boma liletse!"

"Mukugula nsomba kapena mukungotaya nthawi yanga?"

"Nsomba ayi. Nambala yanu. Dzina langa ndine Sebastiano."

Pakamwa pa Sebastiano panali pothira shuga. Ankadula nzimbe ku Nchalo, malipiro ankathera m'njira, koma mawu okha sankamuthera. Foni ya Sellina sinkapuma.

"Duwa langa, wadya?"

"Nzimbe zikangotha, ndikubwera ndi ng'ombe kwa bambo ako. Ndalumbira!"

Nzimbe zinatha, zina zinamera, nazonso zinadulidwa. Ng'ombe? Ngakhale nkhuku sinaoneke.

Tsiku lina m'mawa Sellina anakwera kabaza kupita kumsika. Lole yodzaza thonje inawadutsa pangodya, ngolo yake yakumbuyo n'kukola njinga. Wakabaza anagwera kutchire n'kungosupuka chigongono. Sellina anathyoka mwendo wakumanzere pawiri, ndipo kuchipatala anamuika zitsulo.

Mlonda wa kuwodi ya amayi anakaniza Sebastiano kulowa.

"Ndine mwamuna wake!" anakuwa Sebastiano.

Sellina anamva ali pabedi, ululu n'kuyamba waiwalika. Mwamuna wake! Ndi mtsikana uti sangasungunuke? Mawuwo Sebastiano anawakonda zedi. Anawanena kwa anamwino, kwa apolisi, kwa aliyense wobwera kudzazonda, ndipo Sellina sanamutsutse ngakhale kamodzi.

Anatuluka akuyendera ndodo. Dengu sakanathanso kusenza, ndipo adokotala anati mwendowo ukufunika opaleshoni ina ku Blantyre, apo ayi sudzawongokanso. Namwino wina anamunong'oneza kuti apeze loya, chifukwa malole amakhala ndi inshuwalansi yolipira ovulala.

"Loya?" Sebastiano anadzidzimuka ngati waponda moto. "Maloya amadya anthu, wokondedwa. Zisiye kwa Mulungu."

"Mulungu ndi amene anayendetsa lole?"

"Duwa langa, usapse mtima, BP ingakwere."

Nkhani ya loya ikangoyamba, iye ankayamba nyimbo. Munthu wotopetsa!

Kenako, mosayembekezereka, Sebastiano anatulukira kwa Mbenje ndi amalume ake, akukoka ng'ombe yaikazi yofiira yokhala ndi bere. Malowolo! Bambo a Sellina anaomba m'manja akuthokoza m'Chisena, "Takhuta, takhuta!" Amayi anaimba nthungululu. Sellina analira ndi chimwemwe, poti mnyamatayo anamufunabe ngakhale akutsimphina.

Koma chimwemwe sichipoletsa fupa. Mwendo unkatupirabe, ndipo Sellina anakwera minibasi mwakachetechete kupita kwa a Linda, loya wa pa boma ku Chikwawa. A Linda anaitanitsa mwini lole, a Maliko, omwe anafika ali thukuta kamukamu, mtima uli m'mwamba.

"Mukundifunanso chiyani anthu inu? Nkhaniyi inatha!"

"Inatha liti?" anafunsa a Linda.

"Ndinapepesa mwamwambo! Mwamuna wa mayiwa ndinamupeza kuchipatala, tinakhala pansi. Anati, ‘Mkazi wanga wakhululuka, za khoti sakuzifuna.’ Ndinamupatsa ng'ombe yanga yabwino, yofiira, ili ndi bere!"

Sellina anamva makutu kuti ngwee.

"Muli pabanja, chemwali?" a Linda anafunsa mofatsa.

"Anandilowola mwezi watha."

"Anakulowolani ndi chiyani?"

Sellina anangoyang'ana mwendo wake. Misozi inagwera pandodo.

A Linda anapumira m'mwamba. "Nthawi imeneyo sanali mwamuna wanu, ndipo inu simunamutume. Mlandu tikhoza kuupitiriza. Koma ng'ombeyo ibwerere kwa eni ake, pasapezeke wonena kuti munalandira chipepeso."

Asanafike n'kwawo komwe, uthenga unali utalowa kale pafoni.

"Duwa langa, uli kuti? Mtima wanga ukukusaka."

Sellina anabweza foni m'thumba. Kunyumba anapeza Sebastiano atakhala pakhonde ndi bambo a Sellina, akukambirana za tsiku la ukwati, akuseka ngati munthu wopanda mlandu.

"Sebastiano, ng'ombe ija unaitenga kuti?"

Kuseka kunazima. "Aaa, wokondedwa, khala pansi kaye…"

"Unaitenga kuti?"

"Ndinachitira chikondi! Ine wodula nzimbe ndikanaipeza kuti ng'ombe? Komanso sinapite kutali, ili m'khola lakwanu lomwe. Walakwiridwa ndani apa?"

Walakwiridwa ndani! Tamvani funso la munthu wamkulu, wandevu zake. Sellina anafotokozera bambo ake zonse mwaukali. Bambowo anavula chipewa n'kugwira pakamwa.

"Mwananga, ikabwerera ng'ombeyi, malowolo palibe. Ukwati wathera pomwepa."

Sebastiano anagwada pafumbi. "Ndidzakusenza kumsana moyo wanga wonse! Opaleshoni ya chiyani? Ndimakukonda mmene ulilimu!"

Apa ndi pomwe panamupweteka kwambiri Sellina, chifukwa ankadziwa kuti mwina akunenadi zoona, ndipo iyenso ankamukondabe. Anatsimphina mpaka kukhola, n'kuchotsa yekha mipiringidzo ndi dzanja limodzi.

"Sellina! Ukuthetsa ukwati wathu?"

"Wathu uti? Iwe sunapereke kanthu, Sebastiano. Wandilowola ndi mwendo wangawu, ndipo mwendowu ndikuufuna."

Bambo ake anavalanso chipewa, n'kulowa m'khola kukamanga ng'ombeyo chingwe.