Moto Wotsalira M'kompyuta ya Malemu

Nkhaniyi sindikuithira mchere. Amene anaziona ndi anthu atatu, ndipo mmodzi mwa iwo, telala wosoka khomo loyandikana ndi kashopu ka wokonza makompyuta, ndi munthu woti bodza amachita nalo chibwibwi. Sizinachitikenso usiku ayi. Anali masana, magalimoto akudutsa pamsewu.

Wokonza makompyutayo anthu amangomutchula kuti Injiniya, ngakhale kuti sukulu ya uinjiniya anangoidutsa kunja kwa mpanda. Kashopu kake n'kopanikiza: tebulo, mpando wothyoka chotsamira, ndi mulu wa makompyuta akufa amene eni ake anaiwala kudzatenga. Chaka chimenecho anali wotopa mpaka m'mafupa. Anali atadwazika mkulu wake miyezi yambirimbiri, kumutembenuza, kumusambitsa, mpaka kukamuika m'manda. Atangoti apumeko, mlamu wake, mkazi wa malemuyo, anatulukira atanyamula kompyuta yakale ya mwamuna wake.

"Alamu, yakana kuyaka," anatero. "Mawu aja ali momwemu."

Injiniya ankadziwa mawu amene ankanenedwawo. Mkulu wake asanagoneretu, ataona kuti zinthu sizili bwino, anadzitsekera m'chipinda n'kujambula mawu otsanzikana ndi ana ake. Analamula kuti wina asawamvetsere iye akadali moyo. Sanawasunge kwina kulikonse koma m'kompyutamo. Ana anali atalonjezedwa kuti adzawamvanso bambo awo, ndipo wamng'ono ankafunsa tsiku lililonse.

Injiniya anayamba monga ayambira aliyense. Anasintha chingwe cha magetsi, anasintha soketi, anayesa sikirini ina. Fani inkazungulira, kagetsi kakutsogolo n'kuyaka, koma sikirini ili bii. Anatsegula bokosi, anauzira fumbi, anazula remu, yomwe imathandiza kompyuta kukumbukira, n'kuipukuta ndi labala, n'kuibwezera. Ayi ndithu. Anachotsa disiki, momwe mumasungidwa zonse, n'kuilumikiza pakompyuta yake, yomwe inali isanavutepo chiigulireni. Nayonso inangoti zii. Atachotsamo disikiyo, yake inayaka bwinobwino ngati palibe chachitika.

Panapita masiku. Mlamu ankabwera masana aliwonse n'kukhala pakabenchi, manja ali pamiyendo, osadandaula. Kukhala chete kwakeko n'kumene kunkamupweteka Injiniya. Bola akanamukalipira.

Tsiku limenelo telala analowa kudzabwereka sikuludalaiva, n'kupeza Injiniya atabwezera disiki m'malo mwake, atagwira kunkhongo.

"Yakukanikani, a Injiniya?" anafunsa telala.

"Ukalamba uwu. Ndinadumpha chinthu choti ngakhale woyamba ntchito dzulo amachidziwa. Sindinakhetse moto."

Kompyuta imasunga kamoto m'kati ngakhale utaizimitsa, ndipo nthawi zina kamotoko n'kamene kamaitsekereza kuyaka. Umazula zingwe zonse n'kudina batani loyatsira osalisiya, mpaka kamotoko kathe. Kutopa kunali kutamuiwalitsa.

Anazula zingwe zonse n'kuziponya pansi. Anadina batani.

Choyamba kubwera linali fungo. Mafuta aja othetsa kubanika amene ankapaka wodwalayo pachifuwa. Linadzaza kashopu konse, kuposa fungo la fumbi ndi la waya wopsa. Mlamu anadzutsa mutu.

Kenako fani inayamba kuzungulira. Pang'onopang'ono. Chingwe cha magetsi chili pansi, telala atachiponda.

M'bokosimo munamveka kupuma. Sikunali kulira kwa makina. Kunali kupuma kwa munthu, kokoka movutikira, kokhala ndi kamluzu kumapeto. Injiniya anali atagona pambali pa kupuma kumeneku miyezi yonse ija. Sakanakusokoneza ndi china.

"Achimwene," ananong'ona.

Kupumako kunkachepa. Chala chili pabatani, mpweya uliwonse unkabwera mochedwa kuposa unzake. Mantha anamugwira Injiniya, n'kuchotsa chala. Kupuma kunabwereranso mwamphamvu, kobanika, ngati kwa munthu wodzutsidwa atangoyamba kugona.

Telala anali atamatirira kukhoma. Kunja wina ankaliza hutala ya galimoto.

"Alamu," anatero Injiniya, "ndikapitiriza, sindikudziwa chomwe chitsale m'menemu."

Mlamu anaimirira n'kuika dzanja pabokosilo. Linali lofunda. Anakhala choncho nthawi yaitali, misozi ikutsika yokha, kupuma kuja kukukoka pansi pa dzanja lake.

"Atopa," anatero motsitsa mawu. "Dinani."

Anadina. Mpweya. Chete. Mpweya wina, waung'ono. Anadikira wotsatira. Sunabwere. Fani inaima. Fungo lija linatha ngati wina watsegula zenera, chonsecho kashopuko kalibe zenera.

Atalumikizanso zingwe, kompyuta inayaka nthawi yomweyo. Zithunzi zinalimo, nyimbo zinalimo, fayilo ya mawu ija inalimonso, yaitali ndithu. Injiniya anaitsegula. Munkamveka wotchi ya kuchipinda kwa malemu, ana akusewera panja, galu wa aneba akuuwa chapatali. Mawu a munthu munalibe. Atatuwo anamvetserabe, osayang'anana. Chakumapeto mpando unalira ngati wina wadzukapo, mapazi anakwekwereza pansi, chitseko n'kutsekeka modekha.

Injiniya anaibwerezanso, atakweza sipika mpaka kumapeto. Zinali zomwezo.

Mlamu anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kuyang'ana nthawi pakona ya sikirini. Ana anali atatsala pang'ono kuweruka kusukulu.

"Ndiye ndikawauze chiyani?" anafunsa.