Ndilipo, Bwana

Zinayamba ndi kuwala kwabuluu pansi pa chitseko cha khoti, magetsi onse atazima. Mlonda, mkulu wa ndevu za imvi amene ankadzitama kuti saopa ngakhale apongozi ake, anaima n'kutchera khutu.

Khotilo linali litalowa zamakono. Akaidi sankawabweretsanso pa galimoto, ankangoonekera pa kanema wamkulu wa pakhoma ali kundende konko, kompyuta n'kumaitana mayina. Anthu ankati makinawo sadya ziphuphu. N'zoona, koma sapitanso kumaliro.

Mwana wa mlondayo anamwalira m'ndende ndi chifuwa, akudikira mlandu wa njinga imene sanabe. Palibe anauza kompyuta. Ndiye iyo inkangosuntha tsiku, n'kumatumiza uthenga pa foni ya mayi ake kuti mlandu waimitsidwa kaye.

Usiku umenewo mlonda anamva makina akutchula dzina la mwana wake m'chipinda mopanda munthu. Kenaka, chapansipansi, ngati mawu ochokera mumtsuko:

"Ndilipo, bwana."

Mawa lake, chimodzimodzi. Mkuja wake kunamveka ndi kutsokomola komwe. Osesa anayamba kunong'onezana kuti m'mawaya mwalowa mzimu.

"Achikulire, ndi mawu akale ojambulidwa amenewo," kalaliki wa khoti anauza mlonda uja. "Ndingodina batani, zifufutike."

"Musadine. Afufutike akadali wakuba? Aweruzidwe kaye."

"Akufa saweruzidwa, achikulire."

"Nanga mukumuitaniranji?"

Usiku wina wa mvula, mlonda anatsegula chitseko chija. Munkanunkha fumbi ndi mapepala achinyezi. Pa kanema panali khoma la ndende, ndi mnyamata wowonda ataimirira choweramitsa mutu, atavala malaya amene mayi ake anasoka chigamba paphewa. Dzina linaitanidwa.

"Ndilipo, bwana." Ndipo anadzutsa nkhope. "Ababa, kodi oweruza afika? Miyendo yatopa."

Mawu amenewo palibe makina anawajambulapo.

Mlonda anakwera pa mpando wa woweruza, nsapato zikusiya matope pa kapeti wa boma.

"Ulibe mlandu, mwanawe," anatero. "Uzipita kunyumba. Mayi ako akukudikira."

Anamenya tebulo ndi tochi yake. Kanema anazima, m'chipinda munangoti zii.

Kutacha anathamangira kwawo. Anapeza mkazi wake atakhala pansi kuseri kwa chitseko, maso atatupa.

"Bambo a mwana, usiku kunabwera munthu. Amagogoda pang'onopang'ono, uku akutsokomola, n'kumati, 'Odi, amayi.'"

"Ndiye munatsegula?"

Mayi anapukusa mutu. "Ndinaopa."

Mpaka lero nyumba ija imagona chitseko chosatseka, kaya kugwe mvula, kaya kuzizire chotani. Koma sikunabwerenso wogogoda, ndipo foni ija nayo inaleka kulira.