Chidole cha Anesi Chilowa mu Injini

Anesi ankawafuna amayi ake. Amayi anapita kumudzi kukabereka mwana. Lero anali kubwera pa sitima. Sitima inkaima ku Luchenza. Ku Luchenza kunali kutali.

Anesi anali ndi chidole. Dzina lake linali Lestina. Lestina anali ndi mutu woyera. Anali ndi thupi lachitsulo. Anesi anamutola m'udzu, kuseri kwa fakitale ya tiyi. Ankamubereka kumbuyo ndi kansalu. Lestina sankalira. Sankavutanso pa kudya.

Abambo a Anesi anali a Fackson. Ankakonza makina pa esiteti. Bwana wa esiteti anawabwereka njinga yamoto. Njingayo inali ndi mpando wa m'mbali.

"Tiye tikawatenge amayi ako," anatero abambo.

Abambo anaponda njinga. Njinga inati, "Thu." Basi. Anapondanso. Njinga inati, "Thu." Basi. Inakana ngati mbuzi pa chingwe.

Abambo anamasula kachitsulo pa injini. Kanali kosweka.

"Pulagi yafa," anatero abambo.

"Pulagi n'chiyani, ababa?"

"Ndi kachitsulo koyatsa moto mu injini."

Kuseri kwa fakitale kunali njinga ina. Inali yakale. Inali yadzimbiri. Nkhuku zinkaikira mazira pansi pake. Abambo anapita kukafuna pulagi kumeneko. Tayala linalipo. Tcheni chinalipo. Pulagi panalibe. Panali bowo lokha.

Abambo anakhala pansi. Anagwira tsaya.

"Amayi ako ayenda pansi lero," anatero. "Ayenda ndi khanda, dzuwa lonseli."

Anesi anayang'ana pulagi yosweka ija. Inali ndi mutu woyera. Inali ndi thupi lachitsulo. Inafanana ndi Lestina. Anesi anagwira kansalu kake mwamphamvu. Sankafuna kumutaya Lestina. Koma ankawafuna amayi ake.

Anesi anamasula kansalu pang'onopang'ono.

"Ababa, taonani mwana wangayu."

Abambo anayang'ana. Anayang'ananso. Kenaka anaseka mpaka misozi.

"Anesi, mdzukulu wangayu ndi pulagi!"

"Mutengeni, ababa. Koma musamupweteke."

Abambo anamusambitsa Lestina ndi palafini. Anamupukuta bwinobwino. Anamumanga pa injini. Anesi anatseka maso. Anali ndi chisoni.

Abambo anaponda njinga. Njinga inati, "Thu." Inatinso, "Thu, thu." Kenaka inati, "Thu thu thu thu thu!"

Nkhuku zinathawa. Anesi anatsegula maso. Anadumpha ndi chimwemwe.

Anesi ndi abambo anakwera njinga. Anadutsa m'minda ya tiyi. Anthu othyola tiyi anawabayibitsa. Anatsika phiri. Anaoloka mlatho. Anafika ku Luchenza sitima ikuima kumene.

Amayi anatsika ndi khanda. Dzina lake linali Elson. Anesi anawathamangira amayi. Anawakumbatira miyendo.

Amayi anaona kansalu kopanda kanthu.

"Nanga Lestina ali kuti?" anafunsa amayi.

"Wayamba ntchito, amayi. Ali mu injini."

Amayi anaseka. Anakhala pa mpando wa m'mbali. Anesi anakhala pamodzi nawo. Amayi anamufunditsa Elson kansalu kaja. Anamuika pa miyendo ya Anesi.

Elson anali wolemera. Anali wofunda. Koma ankalira kwambiri, osati ngati Lestina.

Abambo anaponda njinga. "Thu thu thu thu thu!"

Elson anasiya kulira. Anamvetsera. Kenaka anagona.

"Mwamva, amayi?" ananong'ona Anesi. "Lestina akumuimbira mwana wathu."