Njerwa za pa LX, Mayi Ali pa XL

Luckson anachedwa kunyamuka kwa mlongo wake Olive, ndipo chinamuchedwetsa ndi thobwa. Munthu wakhala ku Joni zaka khumi ndi ziwiri akumwa zam'mabotolo zokhazokha, ndiye mum'patse thobwa la mawere, mukuganiza angadzuke msanga? Pabwalo panali piringupiringu. Amayi a mumpingo ankadula kabichi akuimba, abale ochokera ku Phalombe anali atangofika ndi nkhuku zawo m'khwapa, ndipo aliyense ankafuna kumugwira chanza mtchonayo. Mawa lake linali tsiku loika chiliza pamanda a mayi ake.

Mayiwo anamwalira zaka zisanu ndi zitatu zapitazo iye ali kunja, mapepala ake osalongosoka, moti sanabwere kumaliro. Chimenechi chinkamudya mumtima. Ankakhulupirira kuti mayi ake anapita atamukwiyira, ndipo mwala wakuda wonyezimira umene anagula unali kupepesa kwake.

Tsono manda a mpingo wawo ku Chilomoni ali ndi kachitidwe kakekake. Manda opanda chiliza salembedwa dzina, amangozikapo kachitsulo kolembedwa nambala yachiroma ndi penti woyera. Mlembi wa mpingo anayang'ana m'kaundula n'kumulembera Luckson pakapepala kuti XL. Olive sakanathandiza, chifukwa tsiku la maliro maso ake anali otupa ndi misozi, komanso nthawi imeneyo manda anali ochepa. Luckson ndi wowotcherera zitsulo wa manja abwino, manambala a pa tepi samuvuta, koma sukulu analekezera sitandade folo. Anayendayenda m'mandamo mpaka anapeza kachitsulo kokhala ndi zilembo ziwiri zomwezo, L ndi X. "Napa!" anatero. Tsiku lonse iye ndi amisiri anakumba maziko n'kuyala njerwa mizere itatu.

"Achimwene, gonani konkuno, kunja kwada," anatero Olive.

Luckson anaseka. Iye woyenda m'misewu ya ku Joni angaope Chilomoni? Ankagona kwa mnzake tsidya lina la khwawa, ndipo njira yachidule inkadutsa m'mbali mwa manda omwewo. Ananyamuka cha m'ma eiti koloko, akuimba mluzu, mimba ili ndi!

Magetsi anali atazima dera lonselo. Poyamba ankadutsa anthu ogulitsa chipisi ndi tomato pa timakandulo, kenako nyumba zinayamba kutalikirana. Nyimbo za kwa Olive zinazilala kumbuyo. Atayamba kutsetsereka, mitengo ya kumanda inaonekera kutsogolo, yakuda bii.

Mluzu uja unauma wokha pakamwa.

Nkhululu zinali kulira. Kenako zinasiya, zonse nthawi imodzi. Kunangoti zii.

Anayatsa tochi ya pafoni. Anafulumiza miyendo. Mphuno zake zinamva fungo lachilendo pamalo otere... fungo la penti wauwisi!

"Odi, amisiri!"

Luckson anatsala pang'ono kutaya foni. Pamulu wa mchenga umene anatsitsa masana m'mbali mwa njira panakhala bambo wachikulire, wamfupi, wa dazi, atavala ovolosi yothimbirira ndi madontho oyera. Ankamwetulira ngati waona mnzake wakalekale.

"Ntchito yanu ndaiona," anatero bamboyo. "Njerwa mwayala bwino, mzere wowongoka, simenti simunaumire. Vuto ndi limodzi basi. Mwamanga panyumba ya eni."

Luckson anaganiza kuti mwina ndi mlonda, mwina ndi chidakwa, mwina ndi wamisala. Mtima unkagunda ngati ng'oma.

"Tatulutsani kapepala kali m'thumba la kumanzereko."

Kapepala kanalidi m'thumba la kumanzere. Anadziwa bwanji? Luckson anakatulutsa.

Bamboyo anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi, mwaluso la munthu wozolowera zilembo. "Unikani apa, musaope. Kandodo aka, I, ndi wani. V ndi faifi. X ndi teni. L ndi fifite. C ndi handiredi. Zisanu zokhazi, kuno kwathu zimatikwanira." Analemba LX. "Chachikulu chikayamba, chaching'ono n'kubwera pambuyo, mumaphatikiza. Fifite ndi teni, sikisite. Apa ndi pamene mwamanga inu." Analemba XL pambali pake. "Koma chaching'ono chikayamba, mumachotsera. Mwana akayamba ndiye kupisa m'mbale, gawo la bambo limachepa. Fifite kuchotsa teni?"

"Fo... fote," Luckson ananong'ona.

"Eyaa! Mayi anu ali pa fote, inu mwakagogoda pa sikisite. Nyumba twente zathunthu mwaziphonya, bambo."

Thukuta lozizira linayenderera pamsana pa Luckson, ndipo tsopano sanali mantha okha. Mawa m'mawa, pamaso pa abusa ndi abale onse, akanaika dzina la mayi ake pamwamba pa munthu wachilendo. Akanagwada n'kupepesa kwa munthu wosamudziwa, mayi ake ali gone m'tchire chapafupi pomwepo.

"Tiyeseko ina, tione ngati zalowa," anatero bamboyo akuseka. Analemba XIV.

Luckson anayang'anitsitsa. X ndi teni. I wayamba kenako V, ndiye faifi kuchotsa wani. "Fotini."

"Nanga iyi?" Analemba XC.

"Handiredi kuchotsa teni... nainte!"

"Mutu ulipo! Ndani anakunamizani kuti sukulu inakukanani?" Bamboyo anaomba m'manja mokondwa.

Luckson anaona manjawo akugundana. Kawiri. Katatu. Koma phokoso silinamveke.

Tsitsi linamuima. Anatsitsa tochi pang'onopang'ono. Kuseri kwa mulu wa mchenga kunali mthunzi wa muluwo... mthunzi wa munthu kunalibe!

Miyendo inati thawa. Koma anangoima pomwepo akumuyang'anitsitsa.

"Musandiyang'ane choncho, ine sindiluma," anatero bamboyo akudzuka n'kusasa ovolosi yake. "Njerwa zanu mudzazichotse bwinobwino, zikundilemera pachifuwa. Komanso ndatumidwa mawu. Mayi anu ndi neba wabwino, wanthabwala. Lero tsiku lonse amakuonerani mukukhetsa thukuta pakhomo pa eni, kuseka mpaka kugwira nthiti. Akuti ndikuuzeni kuti sanakwiye, sanakwiyepo n'kamodzi komwe. Akuti mwanenepa, zawasangalatsa. Koma ndevuzo akuti mumete musanabwere mawa, mukuoneka ngati mbuzi ya mfumu."

Mbuzi ya mfumu! Mawu amenewo ankanena ndi munthu mmodzi yekha padziko lapansi, pamene Luckson anayamba kusunga tindevu ali mnyamata.

"Bambo... ndinu ndani?"

Foni inathima yokha. Mdima! Anaidinadina, kuimenya pachikhatho. Itayakanso, pamchenga panalibe munthu. Panalibe ngakhale podinda pamene anakhala. Pansi pokha ndi pamene panatsala zilembo zija, zowongoka bwino, LX ndi XL.

Nkhululu zinayambiranso kulira.

Mmene Luckson anawolokera khwawa lija, iye mwini sadziwa mpaka lero. Amene anamuona akuti anadutsa ngati njinga yamoto yopanda mabuleki, nsapato imodzi itatsala m'matope. Mnzake atamutsegulira chitseko, chinthu choyamba chimene anapempha si madzi akumwa ayi, koma lezala.

Kutangocha anakagogoda kwa a Blackson, mlembi wa mpingo uja, amene amasunga kaundula wa manda. Anawapempha kuti apite naye kumanda mwambo usanayambe, ndipo anatenganso Olive ndi amisiri aja. A Blackson ankang'ung'udza njira yonse kuti sanamwe tiyi.

Atafika pa njerwa zija, Luckson anawerama n'kuwerenga tizitsulo ta m'mbali mokweza, chala chikuloza. "LIX, fifite naini. LX, sikisite. LXI, sikisite wani. Kapepala kathu kakuti XL, fote. Tasochera, abale anga."

A Blackson anavala magalasi, anayang'ana kapepala, anayang'ana kachitsulo, n'kugwira pakamwa. "Kalanga ine! Tikanachita manyazi a chaka lero."

Anayamba kubwerera m'mbuyo mzere ndi mzere, Luckson ali patsogolo akupatula udzu ndi manja. L, fifite. XLV, fote faifi. XLII. XLI. Ndipo pansi pa kamtengo ka mthethe, kachitsulo kadzimbiri kopendekeka, penti wake akuonekabe: XL.

Olive anagwada n'kuyamba kuzula udzu. Dzanja lake linagunda kanthu. Kanali kakapu kachitsulo ka maluwa ofiira, kobenthuka kukamwa.

"Kapu ya amayi!" anakuwa. "Ndinaisiya ndine tsiku la maliro! Achimwene, ndi pano! Ndi panodi!"

Anaimba nthungululu pomwepo, kuiwala kuti ali kumanda. Abale amene anali atayamba kufika anathamangira komweko, ndipo amayi a mumpingo anayambitsa nyimbo. Amisiri anayamba kugumula njerwa zija n'kumazitutira pa fote, akumuseka Luckson kuti anatsala pang'ono kupatsa mlendo nyumba yaulere. Iye anaseka nawo, koma anawauza kuti azichotsa mwaulemu, imodziimodzi, ndipo anasalaza yekha dothi la pa sikisite ndi manja ake.

Ali mkati mosalaza, a Blackson anadzaima pambali pake. "Koma iwe, dzulo lomweli sumadziwa kusiyanitsa fote ndi sikisite. Wakuphunzitsa ndani usiku umodzi?"

Luckson anafotokoza. Bambo wamfupi, wa dazi, wa ovolosi ya madontho oyera, wonunkhira penti, wokonda kuseka. Anafotokozanso uthenga wa mayi ake uja, Olive akumva.

A Blackson anatsegula kaundula, chala chikutsika pang'onopang'ono, n'kuima. Anatembenuza bukulo kuti Luckson ndi Olive aone okha. Panalembedwa kuti LX, Albert Makwinja.

"A Makwinja anali wolemba zikwangwani kumsika," anatero a Blackson. "Tizitsulo tonseti analemba ndi iwo, kuyambira I mpaka C, manda ambiri asanakumbidwe n'komwe. Ankati manambala achiroma ndi aulemu. Anatisiya zaka zisanu zapitazo, ndipo anapempha kuti tiwaike ndi ovolosi yawo. Ndinanyamula nawo bokosi ine ndemwe, mpaka pamene wagwada iwepo."

Olive anabwerera m'mbuyo atagwira pamtima. Amisiri anaimitsa wilibala. Aliyense ankayembekeza kuti Luckson akomoka, kapena athawa.

Koma Luckson anayamba kuseka. Anaseka misozi ikutsika m'masaya ake ometa kumene, mpaka anakhala pansi pa dothi. Kenako anadzuka, anamugwira mlongo wake mapewa onse awiri n'kumugwedeza.

"Olive, wamva? Ngati a Makwinja anamwaliradi, ndiye kuti akhala nawo limodzi amayi zaka zonsezi. Ndiye kuti uthenga uja ndi woona! Amayi sanandikwiyire, Olive. Sanandikwiyire!"