Mabuku Onyowa a ku Bangula

"Ndiye mukuti simunagule?"

"Nkhabe, sitinagule. Ngakhale limodzi."

"Kapena a mpingo anakupatsani? Kapena mabungwe aja?"

"Akanatipatsa mukanaona makatoni pakhomo."

"Nanga mabukuwa akuchuluka bwanji?"

"Akubwezedwa, bambo. Laibulale ndi choncho. Munthu amabwereka, kenako amabweza."

Wofunsayo anali Rodney Kalioti wa ku likulu la malaibulale ku Lilongwe, amene ntchito yake inali yosonkhanitsa manambala a chaka: mabuku alipo angati, owerenga angati, otayika angati, ndipo kandalama kochepa kaja kagawidwe motani. Oyankhawo anali Mayi Teresa, oyang'anira kalaibulale ka ku Bangula, kamene kali m'nyumba yomwe kale ankasungiramo thonje. Nkhaniyi ndi yoona. Rodney ndinaphunzira naye ku yunivesite, ndipo ndi munthu woti ukamuuza za mizimu amayamba wafunsa kuti inalipo ingati. Mbali ina anaiona ndi a Alick a kabaza, amene mpaka lero amaima pansi pa mtengo wa bwemba moyang'anana ndi laibulaleyo. Mukhoza kukawafunsa.

Chimene chinamutsitsira Rodney ku chigwa cha Shire ndi ichi. Laibulale iliyonse m'dziko muno imataya mabuku. Ena amadyedwa ndi chiswe, ena amakulungira zitumbuwa, ena amapita kunyumba kwa aphunzitsi n'kukhazikika komweko. Mzere wa mabuku otayika umakula chaka ndi chaka ndipo palibe amene amadabwa. Koma wa ku Bangula unkachepa. Chaka cha madzi osefukira chija analemba kuti mabuku makumi anayi apita. Chaka chotsatira nambalayo inatsika, inatsikanso, ndipo tsopano linatsala limodzi. Abwana ake anati, "Mayiwo akulakwitsa masamu, zisiye." Rodney sakanazisiya. Nambala yosamveka inkamuyabwa ngati chitedze.

Anafika mu Novembala, mvula isanagwe, nthawi imene dzuwa la ku Bangula limakhala ngati lakhala pamutu pa munthu. Mayi Teresa anamupatsa madzi ofunda m'kapu ya pulasitiki n'kumutengera ku shelefu ya kumapeto.

Mabuku a pamenepo anali otupa, masamba ake opindikapindika ngati mchenga wa m'mbali mwa Shire. Rodney anatenga limodzi n'kulinunkhiza. Linkamveka matope, ndi kafungo ka nyika, tizinthu tija anthu amazula m'dambo njala ikavuta.

"Onsewa anabwerekedwa ndi anthu a midzi ya m'mbali mwa dambo," anatero Mayi Teresa, akupukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje. "Madzi atabwera anatenga nyumba, mbuzi, anthu. Ambiri sanapezeke. Titatsegulanso muno, tsiku lina masana ndinasinza patebulopo. Kudzidzimuka, buku lili patsogolo panga, likudontha. La ulimi wa thonje. Analibwereka a Tomasi, msodzi amene ankati watopa ndi ng'ona."

"Analibweretsa ndani?"

"Ndinatumiza uthenga kwa akazi awo. Anabwera, analigwira, analira. Sabata yomweyo anaika thunthu la nthochi m'manda m'malo mwa mtembo, maliro n'kutha. Kuyambira pamenepo, likabwera buku ndimatumiza uthenga."

"Mayi, ndafunsa kuti analibweretsa ndani."

"Ndakumvani."

Anafotokoza kuti mabukuwo ankabwera masana okhaokha, dzuwa lili paliwombo, ndipo nthawi zonse iwo atasinza kapena atapita kuseri. Usiku ayi. Lamulungu ayi. Tsiku la tchuthi ayi.

"Amatsata malamulo kuposa amoyo," anatero, n'kuseka pang'ono.

Rodney anasekanso. M'mutu mwake anali atapeza kale mayankho atatu, ndipo lomwe linamusangalatsa kwambiri linali lakuti pali msodzi wina wachifundo amene amavuula mabuku m'matope n'kumawabweretsa mobisa. Sanadzifunse kuti pepala lingakhale bwanji m'madzi zaka zonsezo osasungunuka. Funso limenelo analisungira madzulo.

"Nanga latsalali?"

Mayi Teresa anasiya kupukuta.

"La mapu. Lalikulu, la chikuto cha buluu. Analibwereka Jenipher."

"Jenipher ndi ndani?"

"Wanga womaliza. Anali fomu fili. Sabata imeneyo anakagona kwa azakhali ake kudambo, buku lili m'khwapa."

Rodney anayang'ana pansi. Simenti inali yong'ambika, ndipo nyerere zinkatuluka mumng'aluwo mwadongosolo.

"Musandimvere chisoni, a Kalioti. Anthu ena anakapezeka ku Mozambique, m'makampu, patapita chaka. Wina anafika chaka chathachi ali ndi mwana kumsana, akuyankhula Chipwitikizi. Buku silinabwere. Ndiye kuti mwini wake akuliwerengabe."

Anamuuzanso kuti chiyambire kutsala limodzilo, iwo masana sagona. Sapita kuseri, sapita kumsika. Amakhala moyang'ana chitseko, akutafuna bwemba wowawasa kuti maso asatseke, mpaka mthunzi wa mtengo utafika pakhonde.

"Bwanji osangotseka masana?"

"Nanga akabwera ndi miyendo yake, apeze loko?"

Mawa lake Rodney anayamba kuwerenga mabuku shelefu ndi shelefu. Panali kanthu kamodzi kotsala. Pepala la manambala a chaka linkafunika chidindo cha ku ofesi ya zamaphunziro, ndipo popanda chidindocho Bangula sakanalandira gawo lake chaka chamawa: magetsi, nyuzipepala, mankhwala a chiswe. Wosaina pamaso pa bwana wa chidindo anayenera kukhala Mayi Teresa eni ake. Rodney anali atawaimbira abwanawo kambirimbiri. Anayankha dzuwa litakwera kale, n'kunena kuti mayiwo abwere pompano, chifukwa iwo akunyamuka ulendo wa ku Nsanje ndipo akakhalako mpaka mwezi utatha.

Mayi Teresa anatuluka pakhonde n'kuyang'ana mthunzi wawo. Unali utalowa pansi pa mapazi.

"Sizingadikire?"

"Lipoti likutsekedwa Lachisanu, mayi. Si kutali. Mupita n'kubwera."

Mayi Teresa analandira pepala lija. Kenako anakoka mpando wawo n'kuuika bwino moyang'ana chitseko.

"Khalani apa. Musagone."

"Sindigona masana ine."

"Kwanu simugona. Kuno ndi kwina." Anamuikira bwemba m'dzanja. "Chonde, mwanangu. Musagone."

Anapita wapansi, ambulera ili pamutu. A Alick, amene ankadikira kuti adzamutengere Rodney ku siteji, anali atatsamira njinga pansi pa mtengo, chipewa chili kumaso.

Rodney anakhala. Anaika bwemba m'kamwa, nakwinya nkhope. Malata ankalira tik, tik, ngati munthu akuyenda pang'onopang'ono padenga. Nyenje zinkaimba mumtengo. Fungo la milamba yowamba linkabwera kuchokera kumsika, n'kupita, n'kubweranso. Panja msewu unkanjenjemera ndi kutentha, ndipo mbuzi imene inkadutsa inkaoneka ngati ikuyenda m'mwamba, miyendo yake itasungunuka. Kuti akhale maso anayamba kuchulukitsa manambala m'mutu. Manambalawo ankabwera mofatsa, akuyandama, ena chagada.

Mpaka lero amalumbira kuti maso ake sanatseke.

Chimene anayamba kuona ndi kuwala. Kunkavina kudenga, mizeremizere, monga kumachitira pansi pa mlatho dzuwa likawomba pamadzi. Anakuyang'ana mosangalala. Kunali kokongola. Patapita nthawi m'pamene anakumbukira kuti pafupi ndi laibulale palibe madzi.

Nyenje zinaleka.

Mapazi ake anazizira. Kamphepo kankayenda pansi penipeni, mu akakolo, konunkhira bango lonyowa. Kutali kunamveka nkhafi. Kuvuu. Kuvuu. Kenako bwato kugunda gombe, mofewa.

"Odi."

Rodney analeredwa bwino. Pakamwa panayankha pokha.

"Lowani."

Anali mtsikana wamtali, wa yunifolomu ya sekondale, wopanda nsapato. Nkhope yake Rodney sakumbuka. Akuti inali ngati nkhope yoonera pansi pa chitsime: ukaiyang'anitsitsa imagwedezeka. Pachifuwa anakumbatira buku lalikulu.

"Amayi palibe?"

"Apita kukadinditsa. Abwera posachedwa."

"Ndinawaona akutuluka." Mawu ake anali otsika, ngati a munthu wodziwa kuti mulaibulale safuula. "Masiku onse amakhala ali maso. Ndimafika pakhondepo n'kubwerera."

"Bwanji osawadikira?"

Mtsikanayo anapukusa mutu. Madzi anagwa pa simenti. Dontho. Dontho.

"Ndalisunga nthawi yaitali, pepani. Ndinkafuna ndione komwe mtsinje umathera."

"Munaona?"

"Ndinafikako."

Analiika patebulo ndi manja awiri, akupinda maondo pang'ono.

"Mulembe kuti ndabweza."

Nkhafi inamvekanso. Kuvuu. Kutali. Kutali kwambiri.

Nyenje zinayambiranso zonse pamodzi, ndipo kutentha kunamugwera Rodney ngati bulangete. Bwemba anali adakali m'kamwa. Kudenga kunali malata chabe. Patebulo panali buku la mapu, la chikuto cha buluu, ndipo madzi ochokera m'masamba ake ankayenda pang'onopang'ono kulowera ku mapepala a likulu.

Analigwira. Linali lozizira ngati lochokera mufiriji.

Apa ndi pamene mnzangayu anachita chinthu chimene sanaphunzire ku yunivesite. Anasuzumira pakhomo. Kutali, m'kunjenjemera kwa msewu, ambulera inali kubwera. Anatenga jumbo ya nthochi zake, nakulungamo bukulo, nalikankhira pansi pa chikwama chake, pamwamba n'kuikapo malaya. Tebulo analipukuta ndi mpango. Simenti sinafune thandizo, inauma yokha akuyang'ana. Ndipo pa pepala lake lowerengera, pamzere wa otayika, anasiya nambala ija mmene inalili. Limodzi.

A Alick akuti iwo sanaone munthu akulowa kapena kutuluka. Chimene anaona atachotsa chipewa kumaso ndi mzere wakuda pafumbi, wonyowa, waukulu ngati mimba ya bwato, wochokera pakhonde kulowera chakudambo. Nkhuku zinaima m'mbali mwake osaudumpha. Posakhalitsa unauma.

Mayi Teresa analowa akupuma mwamphamvu. Sanamuyang'ane Rodney. Anayang'ana tebulo, pansi pa tebulo, shelefu ya kumapeto, kenako m'pamene anamuyang'ana m'maso.

"Simunagone?"

"Ayi, mayi."

"Sikunabwere munthu?"

Rodney anameza bwemba pamodzi ndi nthangala yake.

"Munthu ayi."

Mapewa a mayiwo anatsika. Anamwetulira, ndipo Rodney akuti anaoneka ngati mtsikana.

"Takhuta, mwanangu. Zikomo kwambiri. Chidindo ndi ichi, taonani kukongola. Abwanawo amati ndikhale ndimwe fanta, ine ndati iyayi, kuntchito kuli mlendo." Anamupatsa pepala. "Chaka chamawa mubwerenso. Mwina mudzamupeza Jenipher. Amakonda masamu ngati inu, mudzakangana mpaka dzuwa kulowa."

Rodney anati adzabwera. Anati minibasi ikhoza kumusiya. Ananyamula chikwama, ndipo anadabwa ndi kulemera kwake. M'mawa chinali chopepuka. Tsopano lamba ankadula phewa, ndipo kumsana kwake kunkazizira malo amodzi.

"Ndikuperekezeni."

"Musavutike, mayi, dzuwali."

"Mlendo saperekezedwa ndi chitseko. Mthunzi wafika kale pakhonde, tiyeni."

Anatuluka. Rodney ankayenda cham'mbali ngati nkhanu, kuti chikwama chikhale kutali ndi mayiwo. Mayi Teresa ankakamba za mashelefu atsopano, za denga lodontha, za mtsikana wina wa ku Katunga amene amawerenga mabuku awiri pa sabata. A Alick anasendeza njinga. Sanapereke moni, sanatchule mtengo wa ulendo. Maso awo anali pansi, kumbuyo kwa Rodney.

"Achimwene, tiyeni msanga," ananong'ona.

Rodney anakweza mwendo kuti akwere. Mayi Teresa anasiya kuyankhula pakati pa mawu.

Nawonso anali kuyang'ana pansi. Kuchokera pakhonde la laibulale mpaka pa gudumu la njinga panali timadontho takuda pafumbi, motsatizana, ndipo iti sitinkauma. Dontho lina linagwa onse atatu akuona. Linanunkha matope.

Nyenje zinaleka.

"A Kalioti," anatero Mayi Teresa, motsitsa mawu. "Chikudontha m'chikwama mwanumo n'chiyani?"