Munatsata Ine Kapena Mphaka?

Dalaivala wa basi anangoyang'ana kabokosi kamene Gladness ananyamula, n'kupukusa mutu. Mphaka sakwera basi, anatero m'Chingerezi. Chitseko phaa! Basi n'kumapita.

"Iii, koma dziko ili!" Gladness anakalipa yekha pa siteji. "Kwathu mbuzi imakwera minibasi, nkhuku pamiyendo. Nanga mphaka walakwanji?"

"Pepani achemwali. Ndamva Chichewa, mtima wanga waima."

Anatembenuka. Mnyamata wamtali, wa shati yoyera, makiyi m'manja, akupuma wefuwefu ngati wathamanga.

"Ndine Zikani. Ndimagwira ntchito pa msika waukulu wa zamasamba ku Canning Vale. Mukulowera kuti?"

"Ku Murdoch. Mukufunsa muli ndi galimoto, kapena mukungofunsa?"

"Ndili nayo."

"Ndiye tikuchedweranji? Nyamulani bokosili, likulemera."

Gladness anali namwino, wokongola koma wosachedwa kupsa mtima. Chifikire ku Australia, nyumba yake inali zii. Ukaweruka kuntchito, palibe wokufunsa kuti waswera bwanji. Ndiye tsiku limenelo anapita ku shelita, malo amene anthu amakasiyako ziweto zimene alephera kusunga. Debbie, mzungu wogwira ntchito kumeneko, anamuonetsa tiana ta amphaka. Gladness anakaniratu.

"Khanda ayi. Ndichoke kosamala odwala, ndidzalerenso khanda? Ndipatseni wamkulu, wodziwa kale kumene kuli chimbudzi."

Pakona panali chimphaka chakuda bii, chokhala chofulatira anthu. Aliyense ankangochidutsa. Debbie anati mwini wake anachisiya miyezi yapitayo, ndipo anavutika kutchula dzina lake: Mdima. Gladness anadzidzimuka. Dzina lakwathu limeneli!

"Iwe Mdima, tabwera kuno!"

Mphaka anatembenuka, n'kubwera kudzamukhudza ndi mutu. Basi nkhani inathera pomwepo.

M'galimoto ya Zikani, Mdima anayamba kulira ngati akumupha. Zikani anangoti chapansipansi, "Basi, basi, mfumu." Mphaka duu!

"Eee, muli ndi dzanja la ziweto inu."

"Dzanja langa n'labwino pa zambiri, achemwali."

"Yang'anani kutsogolo, bambo. Koma tandiuzani, ndi Mmalawi uti wopanda chisoni anakataya mphaka wabwino chonchi?"

Zikani anakhosomola. "Anthu ena mitima yawo ndi miyala."

Atafika, anapempha nambala. Gladness anamupatsa. Munthu wakunyamula ulere, ungamumane nambala?

M'mawa mwake foni inalira.

"Mwadzuka bwanji, duwa la ku Murdoch? Mdima wadya?"

"Wadya. Ine bwanji simukundifunsa ngati ndadya?"

"Inu ndidzakufunsani pamaso, chakudya chili m'manja."

Ndipo anabweradi. Anabwera ndi mango a kumsika, mapeyala, ndi kapaketi ka usipa kochokera ku shopu ya anthu akwathu. Gladness anayesa usipawo ndi ndiwo zake.

"Ayi, uwu ndi wa mfumu. Amphaka amaukonda."

Mdima, amene ankathawira kunsi kwa bedi akangomva mlendo, anadumphira pamiyendo ya Zikani n'kuyamba kumunyambita chala. Gladness anagwira pamtima. Ngati chinyama chikumukhulupirira munthuyu, iye akane bwanji? Chizindikiro chochokera kumwamba chimenechi!

Posakhalitsa "achemwali" anatha, kunabwera "Gla wanga." Zikani ankamudikira pa siteshoni ya sitima ndi ambulera kukagwa mvula. Ankamuphikira akaweruka atatopa, ngakhale mchere ankauchulutsa. Mameseji ndiye osanena!

"Switi, ndikulongedza matimati koma ndikuona nkhope yako pa bokosi lililonse."

"Nkhope yanga ikufanana ndi tomato?"

"Tomato wa giredi yoyamba, wapamtima. Mdima ali bwanji?"

"Tsiku lina udzakwatira mphakayu iwe."

Tsiku lina ali kupaki, Zikani anamugwira manja onse awiri. "Gla, ndikulonjeza. Sindidzakunamiza ngakhale kamodzi. Chimene chili mumtima mwanga ndi chimene chili pakamwa panga."

Mtsikana wochenjera ngati Gladness n'kukhulupirira zimenezo? Anakhulupirira, mpaka misozi!

Loweruka lina masana, Zikani anati nthawi yakwana yoti amuonetse pa foni ya vidiyo kwa amayi ake a ku Dedza. Gladness anakolopa nyumba yonse ngakhale foni imangoonetsa khoma limodzi. Anavala chitenje, duku kumutu, n'kugwada patsogolo pa foni.

"Muli bwanji, amayi?"

"Ndili bwino, mwanawe. Eee, koma mtsikana waulemu! Kwanu n'kuti?"

Gladness asanayankhe, Mdima anakwera pamwamba pa sofa, n'kudutsa pang'onopang'ono kumbuyo kwa mutu wa Zikani, mchira uli m'mwamba.

"Mayooo! Zikani! Chimphaka chako chija ndi chimenecho? Sunandiuze kuti unakachitaya iwe?"

Zikani anazimitsa foni.

Gladness anadzuka, n'kuvula duku bwinobwino, n'kulipinda.

"Chimphaka cha ndani?"

"Gla, switi, tamvera..."

"Switi ali ku shopu. Ndafunsa kuti chimphaka cha ndani, bambo?"

Zikani anaulula zonse. Mdima anali wake, anamulera kuyambira ali kamwana. Amayi ake atabwera kudzacheza ku Perth, anaima pakhomo ndi chikwama, n'kunena kuti sagona nyumba imodzi ndi mphaka wakuda, zimenezo n'za afiti.

"Ndiye ndinakamusiya ku shelita. Ndinkayesa zili ngati kwathu, Gla. Umasungitsa mbuzi kwa mnzako, ukabwera n'kudzaitenga. Sindinadziwe kuti kuno ukasiya ndiye kuti wapereka. Tsiku limene amayi anakwera ndege, ndinathamangira kukamutenga. Anandiuza kuti wangotuluka kumene ndi mwini watsopano, ndipo dzina sangandiuze. Nditatuluka panja, ndinakuona pa siteji."

"Munaona ine, kapena munaona bokosi?"

Zikani anayang'ana Mdima.

"Yankhani! Ine kapena bokosi?"

"Poyamba... bokosi."

Mayo ine! Mawu amenewo anamulasa Gladness pamtima penipeni. Ndiye mango onse aja, ambulera ija, tomato wa giredi yoyamba uja, zonse zinali njira yofikira kwa mphaka?

"Koma pambuyo pake ndinakukonda, Gla! Ndinkaopa kuti ndikanena undithamangitsa."

"Munkaopa zoona. Tulukani."

Gladness analira tsiku lonse, nkhope mpaka kutupa. Mdima anabwera kudzagona pachifuwa pake. Gladness anamukumbatira. "Iwenso unkadziwa, wachinyengo iwe. Bwanji sunandiuze?"

Koma Gladness sanali mtsikana wolira masiku awiri. Kutacha anaitana takisi, n'kulongedza Mdima ndi katundu wake yense. Anafika kunyumba kwa Zikani ku Canning Vale, n'kugogoda ngati wapolisi.

"Nayu mphaka wanu. Mbale yake iyi, mchenga wake uwu, khadi la kwa dokotala ili. Za kusintha dzina la mwini ndiwauza a ku shelita ndekha."

"Gla, usatero. Mdima ndi wako, umamukonda."

"Ndimamukonda, inde. Koma sindifuna mwamuna wobwera kwanga kudzaona mphaka. Mwapeza chimene munkafuna. Kwanga mulibenso chotsata."

Anatembenuka msangamsanga kuti Zikani asaone misozi. M'takisi analira mpaka dalaivala anamupatsa tishu.

Nyumba inabwerera mwakale, zii. Panalibe womulandira pakhomo ndi mchira. Panalibe womuvutitsa pa foni. Ayi, mameseji ankabwera ndithu.

"Gla wanga, ndinalakwa. Ndikhululukire."

"Wapamtima, ndiyankhe ngakhale ndi chitonzo."

Ankawerenga, osayankha. Kenako mamesejiwo analeka. Gladness ankasuzumira pa foni ali kuntchito, ali m'sitima, ali m'bafa. Palibe! Si zimenezo? Munthu wapeza mphaka wake, akumbukirenso namwino wamkamwa?

Ndiye Loweruka lina dzuwa likuswa mtengo, kunamveka kugogoda. Atatsegula, anapeza Zikani ali mu jekete ndi tayi, thukuta kamukamu. Pambali pake panali abambo Msaiwale, mkulu wa mpingo wa ku Girrawheen, amene amaimira ngati malume kwa anyamata amene abale awo ali kutali.

Gladness anapinda maondo kupereka moni kwa akuluwo, n'kuwapatsa mpando ndi madzi ozizira. Kwa Zikani sanapereke kanthu.

"Mwana wanga," anayamba abambo Msaiwale, "mnyamatayu wandisowetsa mtendere. Kutchalitchi ali pambuyo panga, kunyumba ali pakhomo panga. Ndamukalipira mokwanira. Tamumvereko, mwina ine ndipume."

Gladness anapinda manja. "Ndadziwa. Mphaka wakana kudya eti? Ndiye mwati mukatenge wantchito wake uja."

"Mdima akudya bwinobwino," anatero Zikani. "Wanenepa, akugona tsiku lonse, alibe nazo ntchito. Amene sakudya ndine."

Gladness anamuyang'ana. Zoonadi, kolala ya shati inali italekana ndi khosi.

"Ndinkayesa chimene chikusowa m'nyumba mwanga ndi mphaka, Gla. Wabwera, ali pa sofa, koma ine ndikungozungulira ngati mlendo. Palibe wondikalipira. Palibe wondiuza kuti mchere wachuluka. Lero sindinatsate bokosi. Bokosi ndalisiya kunyumba."

Anagwada, n'kutulutsa mphete m'thumba la jekete.

Mtima wa Gladness unagunda ngati ng'oma, koma nkhope anaiumitsa. "Dikirani kaye. Mawu okoma ndinadya kale, anandipweteka m'mimba. Imbirani amayi anu. Pompano, abambo Msaiwale akumva. Muwauze zoona zonse, ndipo muwauze kuti mphaka sachoka."

"Pompano?"

"Kapena mutenge mphete yanuyo mukamuveke Mdima."

Abambo Msaiwale anatsamwa ndi madzi.

Zikani anaimba ali chigwadire. Ananena zonse, osasiya kanthu: za kusungitsa, za pa siteji, za bodza. Amayi ake anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye unamunamiza mwana wa eni chifukwa cha chinyama? Chitsiru iwe! Tandipatsa ndilankhule naye. Mwanawe, ukundimva? Unagona nyumba imodzi ndi chimphaka chija miyezi yonseyi, osadwala?"

"Osadwala, amayi. Ndinanenepa kumene."

"Ndiye ndiwe wolimba. Mkazi wopirira chinthu chimenecho apirira ndi mwana wangayu. Mulole, ndakupempha ine. Koma ndikabwera ku ukwati, chisandiyang'ane!"

"Tichiuza, amayi."

Gladness sanathenso kudziletsa. Anaseka, misozi ili mbwembwembwe. Zikani anali chigwadire, mphete ili m'mwamba, bondo likuwawa.

"Gla wanga, switi wanga, ukuti bwanji?"

"Ndikuti dzuka, ukudetsa thalauzi pamaso pa akuluakulu." Anatambasula dzanja, chala chili patsogolo. "Bweretsa kuno ndione ngati ikukwana. Ikakwana, ukhale pansi udye. Sindikwatiwa ndi mafupa ine!"

Inakwana.