Chipinda cha Loweruka

Mayankho anaima pakhomo la holo n'kumayang'ana zithunzi zitatu za opikisana pachisankho zomatidwa pagalasi. Chimodzi chinali cha Anti Keturah, namwino wa ku Wigston amene ankapemphera limodzi ndi mayi ake. China chinali cha Ankolo Yusuf, mwini golosale ku Spinney Hill. Chachitatu chinali cha mkulu wina wa m'deralo, amene ankafuna kuti chipinda cham'mwamba chisanduke jimu, malo ochitira masewera olimbitsa thupi.

Mpando wopanda munthu mukomiti ya holoyo unali umodzi, ndipo wopambana pachisankho ndiye akanagamula za chipindacho. Si chipinda wamba ayi. Ndimo ana a Amalawi a ku Leicester ankakumana Loweruka lililonse kuphunzira Chichewa, kusewera bawo ndi kuvina. Mayankho atangobwera kuchokera ku Zomba ankalira tsiku ndi tsiku, mpaka pamene anapeza mnzake m'chipindamo, Naseem, mwana wa a Yusuf. Tsopano onse awiri anali atafika msinkhu wololedwa kuvota pa za holoyo.

"Iwe Naseem, tandiuza," anatero Mayankho. "Amalawife tilipo angati kuti tiimike anthu awiri? Mavoti akagawikana, wa jimuyu angodutsa pakati."

"Bambo anga ndi a Keturah sapatsana moni," anayankha Naseem. "Chifukwa chake usandifunse, ndinali wamng'ono."

Koma Mayankho anali mwana woti nkhani ikam'lowa m'mutu, nsabwe zachepa. Kunyumba anafunsa mayi ake chimene chinadanitsa a Yusuf ndi a Keturah.

"Za akulu zisiye. Anthu a ku Spinney Hill aja amadzipatula okha."

"Anadzipatula bwanji?"

"Iwe ndi wapolisi kodi?"

"Inu nomwe mumati safunsa anadya phula."

"Choka apa!" anatero mayi akewo, uku akubisa kuseka.

Atachoka kusukulu tsiku lina, anakwera basi ya ku Spinney Hill. Anapeza a Yusuf akuyala chinangwa ndi therere pakhomo pa golosale. Anawapatsa moni bwinobwino, kenaka anangolasa funso lake.

"Achimwene anga a Ayoob atamwalira, tinatumiza uthenga m'mawa," anatero a Yusuf. "Madzulo tinakaika, monga mwa chipembedzo chathu. Wa ku Wigston ngakhale mmodzi sanaoneke kumanda. Anthu amene tinkadya nawo mbale imodzi! Mwanawe, munthu wokuthawa pamaliro ungam'patse mpando?"

Mayankho anachita manyazi ngati kuti anathawa ndi iyeyo. Komabe china chake sichinkamveka. Mayi akewo ndi munthu woti akamva za maliro ku Nottingham amasiya poto pamoto. Nanga pafupi pompa akanalekeranji?

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, anawatsata Anti Keturah mpaka pagalimoto.

"Kuthawa? Ife?" a Keturah anagwira pachifuwa. "Uthenga unatipeza tili pa shifiti. Kwathu maliro amagona, anthu amachezera ndi nyimbo, achibale akutali amadikiridwa. Kuno ndiye thupi limatha ngakhale masabata. Tinati tipita mawa. M'mawa mwake tinamanga zitenje, tinanyamula zakudya, kufika uko tapeza pakhomo pali zii. Mnyamata wina anangoti, 'Tinaika dzulo.' Tinabwerera ndi mapoto athu, mitima ikuwawa kuti atibisira maliro."

"Zimenezi munawauzako a Yusuf?"

"Ayi."

"Nanga iwo anakuuzaniko kuti ku mzikiti saachedwetsa maliro?"

A Keturah anapukusa mutu. Zaka zonsezi, anthu akuluakulu ndithu, ena a imvi zawo, kudana chifukwa palibe anafunsa mnzake!

A Keturah sanali munthu wouma mtima. Sabata yomweyo anamanga chitenje pamwamba pa yunifomu, n'kupita ndi Mayankho kugolosale kuja. Analowa mkati, nakhala pansi pakati pa matumba a mpunga monga achitira amayi pamaliro.

"Achimwene, tabwera kudzapepesa maliro a Ayoob. Tachedwa, koma tabwera."

A Yusuf anamvetsera nkhani yonse, akupukuta m'maso ndi dzanja. Pomaliza anati, "Chithunzi changa ndikachimatula lero. Tiime kumbuyo kwa munthu mmodzi, chipinda cha anawa chisapite. Ine anthu anga ndibwera nawo. Inunso mubwere ndi anu."

Nkhaniyo itamveka ku Wigston, kunali nthungululu. Pafoni anthu ankangoyamikirana. "Basi, tapambana kale!" Mawu amenewa Mayankho anawamva kutchalitchi, anawamva m'basi, anawamvanso kukhitchini kwawo, ndipo ankamudetsa nkhawa.

Tsiku lachisankho kunacha ndi kamvula kowaza. Mayi ake anali atangoweruka shifiti, ali gone pasofa.

"Amayi, tiyeni. Akatseka bokosi, atseka."

"Tsogola, ndibwera ndi basi yotsatira. Ndiponso ukudandaulanji? Ndi gulu lonse lija la a Yusuf, Keturah angagwe? Kavoti kanga kakusowa ndani?"

Kuholo, Mayankho anaponya voti yake yoyamba. Kenaka anayang'ana uku ndi uku. A ku Spinney Hill anabwera, osati masewera: amayi ndi makanda awo, anyamata a m'mabutchala, ngakhale nkhalamba ina yoyendera ndodo. Okonda jimu nawo anali atandanda mpaka panja. Koma a ku Wigston unkachita kuwafunafuna. A Keturah anangoima pawindo, maso ali kumsewu.

Mayankho anayamba kuimba mafoni. Wina anati watenga shifiti yapadera kuntchito. Wina anati akuonera mpira, ukatha abwera. Wina anaseka n'kunena kuti, "Mwanawe, kodi sunamve kuti tinagwirizana?" Foni ya mayi ake inkangolira osayankhidwa. Anakwiya mpaka misozi inalengeza.

Nthawi itakwana, bokosi linatsekedwa ndipo mavoti anawerengedwa pamaso pa onse. Wa jimu anapambana, ndi mavoti ochepa kwambiri moti anthu a benchi imodzi ya kutchalitchi kwawo akanakwanira kusintha zinthu. Naseem anamugwira Mayankho dzanja. Ana ang'onoang'ono, osadziwa chimene chachitika, ankathamangitsanabe pamasitepe opita kuchipinda chawo.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. Analowa mayi a Mayankho ali wefuwefu, ambulera ikudontha madzi, kumbuyo kwawo amayi ena atatu a ku Wigston.

"Tafika! Povotera ndi pati?"

Mayi a Mayankho anayang'ana bokosi lopanda kanthu patebulo, anayang'ana a Keturah atazolika, kenaka anaona nkhope ya mwana wawo, ndipo ambulera ija inagwa pansi.

A Yusuf anavala chipewa chawo pang'onopang'ono. Sanakalipe. Anaima pamaso pa amayi aja n'kuwapatsa moni mmodzimmodzi, mwaulemu wonse.

"Alongo anga," anatero, "ulendo uno tsiku ndi nthawi munazidziwa."